Dzina la Ba Edwell Pakhoma la Sukulu

Chawama, Lusaka
17 Novembala 2024

Msuweni wanga Dumi,

Landira moni wochokera kuno ku Chawama. Ndikhulupirira kuti unafika bwino ku Gaborone, ndipo mlamu wanga ndi ana unawapeza ali athanzi. Kodi phazi lija unkati latupa m'ndege linaphwa? Ife kuno tilipo. Shuga ya amayi ikukwera n'kutsika monga mwa masiku onse, koma akudya. Mvula yagwa kawiri, ndipo kanjira ka kwathu kayamba kale kusanduka mtsinje.

Pa envulopu ndalemba dzina limene amakudziwa nalo kumeneko, kuopa kuti kalata ingasochere. Koma m'kati muno ndiwe Dumi, Dumisani Jere, mwana wa malemu amalume ba Dyton. Pa foni sinditha kukuuza zimenezi, chifukwa umafulumira kuseka n'kuyamba kufunsa za malonda anga a zitenje. Choncho uwerenge mpaka pansi.

Papita masabata atatu chichitikireni mwambo uja wa kusekondale kwathu, wolemekeza ophunzira akale amene zinthu zinawayendera. Kuyambira tsiku limenelo chakudya sichikundilowa.

Ndiyambire kumbuyo, poti zikuoneka kuti waiwala, kapena bodza walinena nthawi yaitali mpaka walikhulupirira wekha.

Mu 1998 iwe ndi alongo anga ba Edwell munalemba mayeso a giredi 12 m'kalasi imodzi. Ba Edwell anakhoza kuposa aliyense pasukulupo. Iwe unalephera masamu ndi sayansi, ndipo unatha mwezi osafuna kutuluka panja.

Chaka chomwe zotsatira zinatuluka, atate anamwalira. Eninyumba anatitulutsa ku Kanyama, tinadzakhala kwanu ku Matero, m'kachipinda ka kuseri kaja koyandikana ndi khola la nkhuku. Kumeneko ba Edwell anadwala chifuwa chachikulu. Anaonda mpaka mawondo anakula kuposa ntchafu, ndipo anthu obwera kudzazonda ankatuluka akupukusa mitu.

Nthawi imeneyo satifiketi ndi reji, chitupa cha unzika, za ba Edwell zinachoka m'sutikesi n'kukafika m'manja mwa atate ako. Munthu wina wodziwa kukonza mapepala anasintha chithunzi. Iwe unapita ku koleji uli Edwell Msiska.

Koma ba Edwell sanafe. Atachira n'kufunsa mapepala awo, amayi anawagwadira mwana wawo yemwe. Anati ukanena, Dumi amangidwa, nanga ife tikagona kuti? Anatinso Dumi akamaliza sukulu adzatikumbukira. Ba Edwell anakhala chete, ndipo akhala chete zaka makumi awiri ndi zisanu. Reji ina anaipeza movutikira patapita zaka, koma satifiketi sakanaifunsanso popanda kukugwetsera iwe m'ndende. Anaphunzira kuwotcherera zitsulo. Mpaka lero amapanga mageti ndi mafelemu a mawindo pansi pa malata anayi, cha ku msewu wa Kafue.

Zimenezi ukuzidziwa. Tsopano ndikuuze zimene sunaone pamene unali pampando wa nsalu yoyera.

Mu Sepitembala, ba Ketty, amene amatsogolera komiti ya ophunzira akale, anafika pamalo a ba Edwell ogwirira ntchito. Ukuwakumbuka ba Ketty. Anakhala kumbuyo kwa ba Edwell zaka zitatu akukopera masamu. Ine ndinalipo, ndinabweretsa chakudya cha masana. Anatsika m'galimoto akutchinga mphuno ndi kampango, n'kunena kuti, "Ba Edwell, tili na kanchito. Tifuna vilembo va nsimbi va pa labu ya sayansi yamene anamanga m'bale wanu pasukulu."

Anawapatsa pepala. Panali palembedwa kuti EDWELL MSISKA.

Ba Edwell anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Kenako anafunsa, ndi chibwibwi chawo chija, kuti uyu n-n-ndi ndani. Ba Ketty anaseka. Anati, "Aa, ba Edwell, musayambe. Tonse tiziba. Manje tichite bwanji? Bana bafuna labu."

Ndinayembekeza kuti awathamangitsa. Sanatero. Ntchito inali itasowa chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi, ndipo mwana wawo Tiyanjane ali giredi 12 pasukulu yomweyo. Anapinda pepala n'kuika m'thumba la ovolosi.

Anatha masiku asanu pa zilembo zachitsulozo. Magetsi akabwera ankawotcherera, akapita ankapala ndi tupa. Ine ndinawauza kuti akhotetseko chilembo chimodzi, kapena aiwale dala china, kuti mtima uphwe. Anati chinthu chotuluka m'manja mwawo sichipita kwa anthu chili chokhota. Ndinawaona akupukuta dzina lawo ndi kansalu, alipachike pakhoma kuti lilemekeze munthu wina.

Tsiku la mwambo ine ndinakhala mzere wachiwiri, nditavala chitenje chimene unanditumizira pamodzi ndi khadi yondiitana. Ba Edwell khadi sanalandire. Anali panja pa makwerero akumanga mabawuti otsiriza. Atatha, mlonda anawauza kuti achotse makwerero, iwonso akaime cha kumpanda, kuti ovolosi isaoneke pa zithunzi.

Munalemekezedwa anthu asanu. Za anzako anayiwo ndilibe nawo mawu. Mayi dokotala uja amene amachiritsa azimayi kumidzi analira misozi yeniyeni polandira chikho chake, ndipo nanenso ndinawomba m'manja ndi mtima wonse. Kenako anaitana Injiniya Edwell Msiska, womanga milatho, mwana wa m'komboni amene sanaiwale kwawo. Kwaya inaimirira. Tiyanjane anali m'kwayamo, akukuimbira.

Ndinkaganiza kuti ungothokoza n'kukhala pansi. Ndikanapirira.

Koma iwe unayamba kufotokoza mbiri. Unati atate ako anamwalira chaka chimene unakhoza mayeso. Unati munatulutsidwa m'nyumba ku Kanyama katundu ali pamutu. Unati unadwala chifuwa chachikulu mpaka anthu anayamba kukambirana za bokosi. Unaima pang'ono, n'kuchotsa magalasi, n'kupukuta m'maso.

Dumi, satifiketi sinakukwanire? Unatenganso matenda awo? Iwe amene sunalowepo m'kachipinda kaja, amene unkati mukununkha, n'kumadutsa pakhomo utagwira mphuno! Atate ako nthawi imeneyo anali moyo, onenepa, akuyendetsa galimoto ya kampani. Unawakwirira m'manda zaka khumi asanafe kuti nkhani ikome.

Kenako unati panali kamtsikana kena kamene kankakukankha pa wilibala kupita nawe kukiliniki m'mawa uliwonse, m'matope, kalibe nsapato. Unati, "Mlongo wanga uyo ali pano. Towera, imirira anthu akuone."

Ndinaimirira.

Palibe amene anandikoka. Miyendo yanga yomwe inandinyamula. Holo yonse inawomba m'manja, azimayi analulutira, ndipo mayi wina wa mzere wakumbuyo anandikumbatira n'kunena kuti Mulungu wandibwezera. Wojambula atandilozetsa kamera ndinamwetulira. Wilibala ija ndinakankhadi, matuza ake ndinali nawo, koma munthu amene anagonamo anali ataima kumpanda ngati wopemphetsa.

Ndinkayesa kuti zathera pomwepo, koma anabweretsa ba Pumulo kuti akupatse chikho. Aphunzitsi athu a masamu aja tsopano ndi nkhalamba, ndipo ng'ala inawatseka maso onse awiri. Anachita kuwagwira dzanja pokwera masitepe. Atamva mawu ako pafupi, anagwira dzanja lako osalisiya. Sanadziwe kuti chimkuzamawu chili pakamwa pawo. Anafunsa kuti, "Edwell, nanga chibwibwi chija chinapita kuti? Yankho unkalidziwa msanga, koma kuti ulitchule tinkadikira tonse."

M'holo munati zii. Ine ndinati lero zaululika.

Iwe sunaphethire n'komwe. Unati, "Ambuye anandichiritsa, aphunzitsi."

Anthu anakuwa kuti ameni. Abusa amene anatsegula mwambo ndi pemphero anakweza manja kumwamba. Ba Pumulo anakwinya nkhope, anatsegula pakamwa ngati akufuna kunenanso kanthu, koma woyendetsa mwambo anawachotsera chimkuzamawu n'kuwatsitsa.

Ndinatembenuka kuyang'ana tebulo la a kalasi yanu. Analipo oposa khumi amene amakudziwa kuti ndiwe Dumi, amene ankakutcha Dumi wa mpira. Ena anayang'ana pansi, ena ankakanda mafoni. Mwambo utatha, omwewo anaima pamzere kuti ajambulitse nawe, akukuitana kuti ba Edwell, ba injiniya, akupempha nambala yako. Mmodzi ndinamumva akukuuza za mwana wake amene akufuna ntchito.

Anatigawira mpunga ndi nkhuku. Ndinaluma kamodzi, ndinalavulira m'kapepala.

Potuluka kukavundukula nsalu yophimba zilembo pakhoma unadutsa pafupi ndi mpanda. Ba Edwell anali pomwepo, makwerero ali paphewa. Ndinali kumbuyo kwako, ndinaona zonse. Sunawayang'ane kumaso. Unati, "Nchito yabwino, bosi," n'kuwalowetsera kandalama m'thumba la ovolosi, monga amachitira kwa olondera magalimoto m'tauni. Utapita anakatulutsa n'kupatsa mlonda uja.

Iwe unakwera ndege Lolemba. Ife tinatsala ndi zimene unasiya.

Tiyanjane atate ake anali atamuuza kuti mlendoyo ndi m'bale wathu amene anangofanana naye dzina. Koma kusukulu anzake anayamba kumuseka. Ena ankati atate ake enieni ndi injiniya, anamutaya kwa wowotcherera. Ena ankati ndi mwana wa kunjira. Mwanayo ali m'kati mwa mayeso, ndipo masamu amawadziwa ngati atate ake.

Iye anali atalembetsa kuti komiti ya ophunzira akale idzamuthandize kupita kuyunivesite, pa thumba lija lothandiza ana osauka limene iwe unaikamo ndalama. Masabata awiri apitawa ba Ketty anandiimbira foni. Anati dzina la Tiyanjane alichotsa. Akuti pa fomu palembedwa kuti atate ake ndi Edwell Msiska, ndipo azakhali ake ndi Towera amene anaimirira pamaso pa anthu onse. Ndiye kwa aliyense wowerenga, mwanayu ndi wa injiniya, si wosauka. Ndinati koma inu mukudziwa zoona. Anati, "Niziba, mwandi, koma tikamupasa banthu bazayamba kufunsa mafunso. Imwe mukambe chabe na ba injiniya bamulipilile kumbali."

Kumbali. Mwana amene wakhoza ndi mutu wake akalandire kumbali ngati katundu wakuba.

Tsiku lotsatira Tiyanjane anabwera kushopu yanga ku Kamwala ali mu yunifolomu. Anadikira mpaka nditamaliza kuyeza nsalu ya kasitomala. Kenako anandifunsa kuti, anti, ngati aja ndi alongo anu amene munkawakankha pa wilibala, nanga atate anga ndi ndani wanu?

Ndinamutengera kuseri kwa shopu, pakati pa makatoni, n'kumuuza zonse. Sanalire. Anangofunsa funso limodzi, kuti anatulutsa mapepala m'sutikesi ndani. Ndinati amalume.

Apa ndiye pali chifukwa chenicheni cha kalatayi, chifukwa pamenepo ndinanamanso.

Ndinali ine, Dumi. Linali Lamlungu m'mawa, amayi atapita kutchalitchi. Atate ako anandiitanira kukhonde n'kundiuza kuti ndikatenge envulopu ya khaki m'sutikesi ya ba Edwell. Ndinafunsa kuti ya chiyani. Anati munthu wakufa safuna satifiketi. Anatinso ndikumbukire kuti ndimadya kwa yani. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, koma sindinali chitsiru, ndinadziwa chimene ankafuna. Ndinalowa mwakachetechete. Ba Edwell anali gone pamphasa, maso otseka, akupuma ngati mpweya ukudutsa m'bango. Ndinatsegula sutikesi pafupi ndi mutu wawo, ndinatenga, ndinatuluka.

Nthawi zonse umauza amayi kuti ba Edwell anavomera okha. Sanavomere. Palibe amene anawafunsa. Ndipo iwe unali pabwalo ukutsuka galimoto ya atate ako, unandiona ndikupereka envulopuyo. Unayang'ana kumbali n'kupitiriza kutsuka tayala.

Lamlungu lapitali, titaweruka kutchalitchi, ndinapita kwa ba Edwell. Ndinawapeza akupaka penti geti ya munthu wina. Ndinagwada pa dothi pomwepo, pakati pa zidutswa za zitsulo, n'kuwauza. Anapitiriza kupaka mpaka anafika pansi pa chitsulo chimene anayamba. Kenako anaika burashi pa chitini.

Anati ankadziwa. Anati tsiku lija sanali m'tulo. Anandiona ndikutsegula sutikesi, anafuna kundigwira dzanja, koma mkono unakana kudzuka ndipo mawu sanatuluke. Zaka zonsezi akhala akudya chakudya changa, akundikonzera chitseko, anandiperekeza pa ukwati wanga, osanena kanthu.

Ndinafunsa chifukwa chake. Anati, "Unali mwana, Towera. Unali na n-njala, unali na mantha. Ija ninakukhululukira kudala, kalekale."

Ndinayamba kulira chifukwa cha mpumulo. Koma anali asanamalize. Anati mawu a m'holo ankamveka mpaka kumpanda, ndipo anamva pamene unandiitana. Anati anatseka maso n'kupemphera kuti ndikhale pansi. Kenako anamva m'manja.

"Apo sunali mwana," anatero.

Anatola burashi n'kuyamba chitsulo china. Sanandithamangitse, sanandidzutsenso. Ndinadzuka ndekha n'kupita kunyumba mawondo ali penti yokhayokha.

Usiku ndi usana ndakhala ndikunyansidwa ndi iwe, ndi ba Ketty, ndi a kalasi yanu, koma ndikadziyang'ana pagalasi ndimapeza kuti fungo lake ndi limodzi. Ndatopa nalo.

Lachitatu ndinakwera minibasi kupita ku Matero kwa ba Pumulo. Ndinawapeza pakhonde akumvera wailesi. Ndinawauza zonse. Anati anadziwa pomwe paja kuti mawuwo si a Edwell, koma anaopa kuti anthu anena kuti nkhalamba yasokonezeka mutu. Anandifunsa kuti Edwell weniweni akuchita chiyani masiku ano. Nditawauza, anavula magalasi awo akuda n'kuphimba nkhope ndi manja. Anati pa zaka makumi atatu ndi zinayi za uphunzitsi sanaonepo mutu ngati uja.

Tsono tamvera chimene ndikupempha. Si ndalama. Usatumize kanthu, ngakhale kwa ine, ngakhale kwa Tiyanjane. Iye wanena yekha kuti sadzalandira. Chitenje chako chija ndinapatsa mayi amene amasesa pakhomo la shopu.

Ndikufuna ulembe kalata kwa mphunzitsi wamkulu ndi kwa komiti, unene dzina lako ndi dzina la mwini satifiketi. Ndikufuna ubwere, osati ku hotela, koma pansi pa malata aja, uwayang'ane ba Edwell kumaso, uwatchule dzina lawo. Ndipo Tiyanjane amve kuchokera pakamwa pako kuti atate ake ndi amene anakhoza.

Sukulu itseka sabata yoyamba ya Disembala. Ngati pofika Lolemba la sabata imeneyo sudzakhala utalemba, ine ndi ba Pumulo tidzapita kwa mphunzitsi wamkulu. Ndidzayambira pa mbali yanga, pa envulopu ya khaki, ndipo ngati nkhaniyo idzafike kupolisi ndidzapita ndi miyendo yanga. Dzulo ndinayamba ndi Tiyanjane, ndinamuuza kuti ndinamunamiza. Sanandipatse moni lero kutchalitchi, ndipo sindikumuimba mlandu.

Usaganize kuti sindikudziwa kulemera kwake. Ndikudziwa kuti ntchito ikhoza kukuthera. Ndaganizira mlamu wanga, amene mwina mpaka lero sadziwa kuti anakwatiwa ndi yani. Ndaganizira ana ako, amene sanalakwe kanthu. Amayi akulira, akuti ndichititsa manyazi mlongo wawo ali m'manda, ndipo akuti zakale zisiyidwe. Ndinawayankha kuti si zakale, zafika pa mdzukulu wawo.

Sindikukana kuti milatho unamanga ndi yako. Ku koleji unawerenga wekha, palibe anakulembera. Mwina n'chifukwa chake ndikukhulupirirabe kuti mwa iwe mwatsala munthu wotha kuimirira n'kunena zoona asanamukakamize. Ndi bwino anthu amve kwa iwe kusiyana ndi kumva kwa ine.

Ba Edwell ndinawauza zimene ndikufuna kuchita. Sanandilimbikitse, sanandiletsenso. Anangoti zilembo zija, a kusukulu akadzafuna kuzichotsa pakhoma, adzawaitane iwo, chifukwa wina akhoza kuswa pulasitala.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga Chiso ndi kwa ana onse atatu. Uwauze kuti ku Chawama kuli abale awo amene sanawaonepo, ndipo khomo ndi lotsegula. Amayi akupereka moni, ngakhale sakudziwa kuti ndalemba zonsezi. Ba Edwell sindinawafunse ngati ali ndi moni.

Mulungu akusunge, akuteteze pa ntchito ndi panjira, ndipo akupatse tulo tochepa mpaka utayankha.

Ine msuweni wako,
Towera Msiska